Swichi Yophethira ya a Elifala

Matipate atafika, aliyense adayamba kulonjeza, ngakhale amene adalibe ndi nkhuku yomwe. A Elifala, wapampando wa bungwe lina la alimi pa Madisi, nawo sadafune kutsalira. Chisankho cha bungwelo chitayandikira, adalonjeza makompyuta oti mlimi aliyense aziona yekha mmene fodya wake wayendera ku okushoni.

Makompyuta adabweradi, mphatso ya azungu. Chidatsala ndi swichi, kabokosi kolumikiza makompyutawo ndi makina aakulu osunga zonse. Mayi Monika, wogulitsa zipangizozi ku Lilongwe, adawaikira a Elifala maswichi awiri patebulo.

"Iyi siyooneka bwino, koma ili ndi nkhokwe yaikulu," adatero mayiwo. "Mauthenga akabwera ambiri nthawi imodzi imawasunga n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Inayi, ya timagetsi tophethirayi, akaichulukira imangotaya."

"Mayi, mu ofesi ya bungwe lathu ndimakhalamo ndine," adayankha a Elifala. "Tsiku lonse mumalowa anthu angati? Zambiri ndi ntchentche."

"Bambo, alimi sabwera mmodzimmodzi. Amatsika minibasi yathunthu."

Koma munthu wa kampeni angagule chinthu chosaphethira? Adanyamula ya timagetsiyo, mtima uli mbee.

Mwambo wotsegulira makompyutawo adauika dala m'mawa wa tsiku lachisankho. Adalengeza mpaka ku Malomo ndi kwa Dzoole kuti pasapezeke wotsala, ndipo anthu adabweradi, njinga zili mbwee panja. Akadawalola kuyesa mosinthana, bwenzi zitayenda. Koma ayi, a Elifala adakwera pampando ngati ali pamsonkhano wachipani.

"Zodikirana zidapita ndi chipani chimodzi! Zala pabatani nonse! Ine ndikati 'tonse', inu muti 'pamodzi'. Tonse!"

"Pamodzi!"

Timagetsi tidaphethira ngati tapenga, makompyuta onse n'kungoti duu. Adayesanso, chimodzimodzi. Thukuta lidayamba kuwayenderera m'kolala a Elifala.

"Kapena kabokosika n'ka chipani chotsutsa?" adafunsa a Kalebe, mlimi amene adasiya fodya pachigafa ku Malomo. Chipinda chonse chidafa ndi phwete.

Masana, povota moima kumbuyo kwa munthu amene ukumufuna, a Elifala atacheuka adapeza akazi awo okha, nawonso akuyang'ana kumbali. Zidali zomvetsa chisoni ndithu, komatu khamulo adachita kuliitana okha osakonzekera zobwera nalo. Paja akuluakulu adati, walira mvula walira matope.