Mphika Wamkuwa wa a Msukwa

Pa Uliwa panalibe munthu amene sanamvepo za maulendo a Yotamu Msukwa, chifukwa a Msukwa sankadikira kuti wina afunse. Anayamba ndi kusenza matumba padoko la Chilumba, kenaka anayendetsa malole zaka khumi ndi zisanu, Mbeya, Dar es Salaam, Ndola mpaka Bulawayo. Pobwerera kwawo anamanga nyumba yogona alendo, yamalata, ya khonde la simenti yofiira. Ngakhale achipani obwera kudzaona makadi aumembala ankachoka pakhomopo atamva kaye mmene nyanja yamchere imanunkhira.

Koma m'chaka cha 1979 mkulu ameneyu anasowa pokhala. Akazi awo anali atamwalira zaka zinayi m'mbuyomo, ndipo mtima wawo unali utagwera mayi Thelma, namwino wochokera ku Zomba amene ankagwira ntchito pachipatala chaching'ono chapafupi. Atawafunsira, mayi Thelma, amenenso anali amasiye, anati adzayankha akabwerako ku maphunziro a masabata asanu ndi limodzi ku Blantyre.

Tsiku lonyamuka mayiwo anafika pakhonde atanyamula duwa la m'nyumba, la masamba aakulu obiriwira ngati opaka polishi, lobzalidwa m'chitini chakale cha penti.

"Bambo Msukwa, mundisungire ili. Tinaligula m'sitolo ku Blantyre ndi malemu amuna anga chaka chimene tinakwatirana. Layenda nane pabasi ndi pasitima mpaka kuno. Mawu anga ndi awiri okha. Musalichotse m'chitinimu. Ndipo musathire madzi musanapise chala m'dothi. Chikatuluka chouma, thirani kapu imodzi basi."

"Sisitala, zimenezo mukuuza ine?" a Msukwa anaseka mpaka chipewa kupendekeka. "Maluwa awa ndawaona m'mahotela a ku Dar, aatali kuposa chitseko ichi! Pitani mtima uli m'malo. Mudzalipeza likugunda denga."

Utsi wa sitima ya Ilala imene mayiwo anakwera usanazimirire n'komwe, a Msukwa anali atayamba kale kuchiyang'ana chitinicho ndi diso loipa. Chinali chadzimbiri, chobooledwa ndi msomali kunsi kwake, ndipo chinkadontheza madzi akuda pa simenti yawo yofiira. Duwa la mkazi amene adzakhale mayi wa pakhomo pano likhale m'chinthu chotola kudzala? Analowa m'chipinda n'kutulutsa mphika wamkuwa wozokotedwa bwino, umene anagula kwa Mwarabu wina ku Dar. Anazula duwa lija, naliika mumphikamo, n'kudzazamo dothi lakuda lomata la kudambo la mpunga.

Mlongo wawo Keziya, amene ankaphikira alendo panyumbapo ndipo ankawatcha adumbu m'Chitumbuka, anaugogoda mphikawo ndi chala.

"Adumbu, mphika uwu ulibe chibowo kunsi. Madzi azitulukira kuti?"

"Atuluke kupita kuti? Kutentha kwa Karonga kuno, munthu n'kumataya madzi? Iwe Keziya, kutali kumene unafikako ndi ku Rumphi. Mpunga wako uja umaima m'madzi miyezi itatu, unayamba wafapo?"

"Mpunga ndi mpunga, adumbu. Anesi aja ananena za chala."

"Chala changa chagwira chiwongolero mayiko anayi. Sichingakapise m'matope ngati cha mwana."

Inu amene munayendapo mukudziwa kuti miyendo yozolowera msewu sidziwa kudikira. A Msukwa akakhala pampando, mpando unkawotcha. Ankapita ku positi ofesi kukafunsa kalata, n'kubwerako chimanjamanja, n'kuthira duwa madzi. Basi ikaima pamsewu, ankathamangira kukaona otsika, ngakhale ankadziwa bwino lomwe kuti masiku sanakwane. Pobwerera, jagi ina. Tiyi wotsala m'kapu ankatheranso momwemo, ati ku Ndola azungu ankatero. Nthawi iliyonse imene mayi Thelma abwera m'maganizo, duwa linkamwa, ndipo mayi Thelma ankabwera m'maganizo kasanu dzuwa lisanafike pamutu.

Sabata yachitatu masamba a m'munsi anayamba chikasu n'kugwetsa makosi.

"Waona, Keziya? Ludzu limeneli! Ndikanamvera za kapu imodzi bwenzi litauma kale."

Anawonjezera madzi. Pamwamba pa dothi panayala chuku choyera ngati thonje. Tintchentche takuda tinayamba kuuluka mozungulira mphika, tina n'kumagwera m'tiyi wa alendo. Kenaka m'mawa wina panatumphuka tibowa tachikasu tisanu, taima ndondondo m'mbali mwa tsinde.

A Msukwa anaitana alendo onse kuti adzaone. "Bowa samera pa nthaka yosauka, abale anga! Chonde chimenechi!"

Pakati pa alendowo panali mlangizi wa zaulimi wochokera ku Dedza. Iye anawerama, nanunkhiza, n'kubweza mutu msanga.

"Bwana Msukwa, mundikhululukire. Bowa uyu akudya zovunda. Mizu nayo imapuma ngati ife, ndiye apa yamira. Lizuleni lero lomwe, mudule mizu yakuda, mulibzale m'dothi losakaniza ndi mchenga, m'chinthu chobooka. Mwina lingapulumuke."

"Achimwene, inu za chimanga ndi fodya ndiye zanu. Maluwa a m'hotela tisiyireni ife tinagonamo."

"Chabwino," anatero mlangiziyo akutola chikwama. "Koma mwini duwa akamachedwa musadabwe. Ku Blantyre kuli madokotala okhala ndi magalimoto."

Mawu amenewo anawalasa a Msukwa pamtima. Tsiku limenelo anazungulira nyumba kosawerengeka, anakalipira wochapa popanda chifukwa, ndipo duwa linamwa majagi atatu. Keziya anabwera ndi msomali ndi hamala m'manja.

"Adumbu, chibowo chimodzi chokha. Fungo ili alendo ayamba kudyera panja."

"Kuboola mkuwa wa ku Dar? Uyambe waboola mutu wangawu!"

"Umenewo ndiye msomali ungapindike," anatero Keziya akubwerera kukhitchini.

M'mawa wa tsiku lofika sitima, a Msukwa anaima pamaso pa mphika wawo n'kuwerenga masamba. Pa masamba khumi ndi awiri panatsala anayi. Anapala bowa ndi chuku ndi supuni, nawaza mchenga woyera pamwamba. Masamba otsalawo anawapukuta ndi mafuta ophikira kuti awale, n'kuwamangirira ku kamtengo ndi ulusi wobiriwira. Atatero anavala suti ya ku Bulawayo, kunja kukutentha ngati ng'anjo.

Mayi Thelma anafika masana, fumbi la ulendo lili m'mapazi. Analonjerana bwino, anamwa madzi, kenaka maso awo anagwera pa mkuwa wonyezimira uja.

"Chitini changa chili kuti?"

"Sisitala, duwa ngati ili ndi la mumkuwa. Ku Dar..."

Mayiwo sanadikire za ku Dar. Anagwada, napisa chala mumchenga muja. Chala chinalowa chonse ngati m'phala, ndipo m'dzenjemo munadzaza madzi akuda onunkha. Anagwira tsinde n'kukoka pang'ono chabe. Linatuluka lokha, lopanda muzu ndi umodzi womwe, kunsi kwake kuli phwetephwete ngati nthochi yovunda.

Keziya anaima pakhomo la khitchini, manja ali pakamwa.

"Ndimalikonda kwambiri, Sisitala," a Msukwa anatero ndi mawu aang'ono amene anthu a pa Uliwa anali asanawamvepo. "Ndikakukumbukirani, ndimalithirira. Silinagone ndi ludzu tsiku ndi limodzi lomwe. Ndikagula lina, ngakhale ku Nairobi ndikafika."

"Lina mukagula, bambo Msukwa, sindikukayika. Koma amene ndinagula naye ili sadzapitanso kusitolo."

Anapempha mpeni kwa Keziya, nadula kansonga kamodzi kamene kanali kakadali kolimba, n'kukakulunga m'kampango konyowa. Atatero anaimirira n'kudzikonza diresi.

"Munandifunsa funso, ndipo ndinabwera ndi yankho lina kuchokera ku Blantyre. Koma ndinakusiyirani mawu awiri okha, onse awiri mwawaponda, chifukwa inu mumadziwa kale zonse. Nanga m'banja, mmene mawu amakhala ambirimbiri tsiku lililonse, mudzamva angati? Chikondi chanu ndachiona, n'chochuluka ndithu. Koma ine sindifuna kumizidwa. Tsalani bwino. Yewo, mayi Keziya."

Anatsika masitepe, nawoloka msewu osacheuka. A Msukwa anatsala chiimire mu suti yawo, thukuta lili kamukamu, tintchentche tikuwazungulira kumaso. Munthu amene anadziwa njira zonse za mayiko anayi anasowa njira yowolokera msewu umodzi wa pa Uliwa.

Akuluakulu sananame pamene anati: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.