Nthiti ya Khirisimasi ndi Dzino la Mwandida

Anthu akamatchula mwambi wa mbewa ya manyazi, ambiri amaganiza za kumunda, za utsi ndi makasu. Ine ndakalambira m'kalasi, choko chandiyeretsa tsitsi, ndipo ndikukuuzani ana inu kuti mbewa imeneyo inalibe mchira. Inali mwana wa munthu, inkavala yunifolomu, ndipo nkhani yake imandiwawa mumtima mpaka lero.

Mwandida anakula ndi mano awiri akutsogolo otulukira kunja, oti milomo inkalephera kuwaphimba. Msuweni wake Filimoni ndiye anayamba kumutcha Mbewa. Paja chisuweni sichiimbidwa mlandu, ndiye akuluakulu ankangoseka nawo. Dzinalo linamera mizu, linachoka kumudzi ku Ntcheu n'kukafika kusukulu kwake ku Ndirande. Mwana anayamba kuseka atagwira pakamwa, kenako anangoleka kusekako, ndipo mawu ake ankachita kupemphedwa.

Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono. Mayi ake, telala wa pamsika, anatopa n'kuona mwana wawo akuyenda chowerama, ndiye anapita naye kwa dokotala wa mano. Kumeneko anamuika mawaya oongolera mano: tizitsulo tomata pa dzino lililonse, ndi waya wodutsa pakati pake, wokoka mano pang'onopang'ono kuti abwerere pamzere. Dokotala anamuuza mosapita m'mbali kuti zolimba ndi zomata azipewa. Chimanga chootcha ayi, mtedza wokazinga ayi, nzimbe asaziyang'ane n'komwe. Nyama azidula tizidutswa, azitafunira kumano akumbuyo, osakukuta fupa. Ndipo china chake chikathyoka, abwere msanga asadikire kuti chipole chokha.

Mwandida anamvera. Anapirira ululu wa waya akangoukoka kumene, anapirira anzake akukukuta chimanga pamaso pake. Chaka chija chikupita kumapeto, mano anali atayamba kulowa, milomo ikutsekeka yokha. Dokotala anati kwatsala pang'ono. Mwana ankadziyang'ana pagalasi m'mawa uliwonse, akuganiza za tsiku limene adzaseke pagulu manja ali m'mbali, dzina loipa lija litagwa lokha.

Ndiye kunabwera uthenga wochokera kwa azakhali ake, a Nangozo, mlongo wa malemu bambo ake, woti mwana wa achimwene abwere adzadye Khirisimasi kwawo ku Ntcheu. A Nangozo sanali munthu woipa kwenikweni, koma anali a mtundu uja woti ukakana chakudya chawo ndiye kuti wakana iwowo ndi azigogo awo omwe. Mayi a Mwandida sakanatha kuchoka pamakina, madiresi a Khirisimasi anali mulu. Anamukweza minibasi yekha, n'kumuuza kuti akangofika akawafotokozere azakhali za mawaya aja.

Sanakafotokoze. Anafika, anagwada, anapereka moni basi. A Nangozo anayang'ana pakamwa pake n'kunena kuti za m'tauni ndi zambiri, tsopano ayamba kumangira mano mpanda. Anthu anaseka, mwana anawerama. Anamugoneka m'kachipinda kakumapeto, kosungiramo matumba a chimanga, ndipo Filimoni sanachedwe kukatcha una.

Tsiku la Khirisimasi anapha mbuzi. Atabwerera kutchalitchi, mtundu wonse unakhala pabwalo, wailesi ikulira. Mwandida anadya mpunga wake ndi msuzi, mbatatesi akuiphwanya ndi supuni. Mtedza unadutsa, iye anangopereka mbale kwa wina. Chimanga chootcha cha kudimba chinadutsa, chimodzimodzi. Ankaganiza kuti palibe akumuona, koma maso a a Nangozo sankaphonya kanthu. Anadzuka, anapita pamakala, anasankha nthiti yootcha bwino, youma gwa m'mphepete, n'kubwera nayo okha m'manja.

"Landira, Mbewa. Nthiti ngati iyi bambo ako ankaikonda. Kapena nyama ya kwathu kuno ikununkha?"

Mpeni unali pomwepo, m'mbale, pafupi ndi mwendo wa Filimoni. Mwandida anauona. Chimene chinkafunika n'kungonena kuti, "Azakhali, mundipatseko mpeni, dokotala anandiletsa kukukuta." Mawu ochepa chonchi, oti mwana wa sitandade wani atha kuwanena. Koma anthu onse ankamuyang'ana, dzina la bambo ake linali litatchulidwa, ndipo iye anaopa kuti amunena kuti ndi wamatama. Analandira ndi manja awiri, anaika nthiti kumano akutsogolo, n'kuluma.

M'kamwa munamveka kuti thyo. Tizitsulo tiwiri tinamatuka, waya unapindika n'kulasa nkhama, ndipo limodzi mwa mano aja linang'aluka. Wailesi inabisa phokosolo. Mwana anameza magazi pamodzi ndi nyama, anati, "Zikomo azakhali," ndipo a Nangozo anabwerera pamalo pawo atakhutira kuti amuphunzitsa mwambo.

Apa ndi pamene ndimapsera mtima. Kuluma kuja kunali kulakwitsa, inde, koma kunali kokonzeka. Akanalankhula tsiku lomwelo, akanakwera minibasi m'mawa mwake, dzino likanapulumuka. Koma manyazi ali ngati ngongole ya katapila, amabereka ana. Poyamba anachita manyazi kukana nthiti. Tsopano anachita manyazi kunena kuti nthiti ya azakhali yamupweteka, poopa kuti zimveka ngati akuwaneneza. Ndipo koposa zonse anachita manyazi ndi mayi ake, amene anamutsina khutu asananyamuke.

Analowa m'kachipinda kaja, anati mutu ukumuwawa. Tsiku lotsatira anati akuwerenga za mayeso. Akatuluka ankafunda chitenje mpaka pamphuno. Mayi ake akaimba foni n'kufunsa ngati anawafotokozera azakhali, iye ankayankha kuti zonse zili bwino, n'kunamizira kuti netiweki ikuvuta. Chakudya chomusiyira pakhomo ankangomwa msuzi wokha, ndipo a Nangozo poona mbale zikubwerera zodzaza ananyanyala. Anati musiyeni, njala ikamupota atuluka yekha. Pakhomo pa anthu ambiri chonchija panalibe ngakhale mmodzi amene anaganiza zomuchotsa chitenje n'kumuyang'ana kumaso.

Chaka chatsopano chinalowa, anthu akuimba ndi kuvina panja, iye ali chigonere pakati pa matumba, tsaya likufufuma, thupi likutentha.

Mayi ake atamaliza zosoka anabwera kudzamutenga. Anakankha chitseko, chimene sichinali chokhoma n'komwe, anamuvundukula, ndipo anangokhala pansi. Mlomo wakumwamba unali utatupa mpaka kukankha mphuno, ndipo dzino lija linali litada. Sanakalipe, sanatsanzike bwino, ananyamuka naye nthawi yomweyo.

Dokotala anayang'ana kwa nthawi, kenako anapukusa mutu. Anati dzinolo lafa, mafinya alowa pansi pake, palibe chochita koma kulizula. Mawaya onse anayenera kuchotsedwa kuti nkhama zipole, ndipo anachenjeza kuti mano otsalawo ayamba kubwerera kumene anachokera. Anamufunsa mofatsa chifukwa chimene sanabwerere msanga. Mwandida anangokweza dzanja n'kuphimba pakamwa.

Madzulo ake mayi aja anaimbira foni a Nangozo.

"Alamu, mwana ndinakupatsani ali ndi mano onse. Dzino amuzula."

Mwina chisoni chinawagwira a Nangozo, sindikudziwa, koma chimene chinatuluka sichinali chisoni.

"Nanga ine ndikanalota, alamu? Pakamwa mpake. Akanati mpeni, ndikanam'mana? Akanati ndikumva kuwawa, ndikanamutsekera? Mbewa yanuyo ndi ya manyazi, yafera kuuna chitseko chili chosatseka."

Filimoni anali pafupi, anawamva mawuwo, ndipo pakamwa pake paja sipasunga nkhani. Anawabwereza pachigayo, a pachigayo anawatengera kumsika, ndipo posakhalitsa anthu oti Mwandida sanamuonepo anayamba kuuzana kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Mawuwo anatuluka m'kamwa mwa munthu wodzisambitsa m'manja, koma chowawa n'chakuti ndi oona. Tanthauzo lake ndi ili: munthu amene akuvutika koma akuopa kulankhula, kupempha kapena kukana, amaonongeka thandizo lili pafupi. Ulemu ndi wabwino, ndipo sindikukuphunzitsani mwano. Koma ulemu umene umakulumitsa fupa loti ukudziwa kuti likuthyola dzino si ulemu, ndi mantha ovala chitenje. Inu amene muli ndi mawaya m'kamwa, nyengo ya zikondwerero ikafika, pemphani mpeni, kanani cholimba ndi mawu ofatsa, ndipo china chikathyoka nenani dzuwa lisanalowe. Inunso akuluakulu okonda kukakamiza ana chakudya, muzifunsa kaye chimene akukanira.

A Nangozo chaka chotsatira anaphanso mbuzi, ndipo anthu anadya n'kuvina monga mwa nthawi zonse. Mwandida sanafe. Anabwerera kusukulu ndi gweru kutsogolo, ndipo anzake sanavutike kumupezera dzina lina.