Lameck ndi hatchi yogontha

Korona atatseketsa hotela ya ku Al Garhoud mumzinda wa Dubai, anzake a Lameck ogwira nawo ntchito yokolopa anakwezedwa ndege kubwerera kwawo, koma iye mwayi unamugwera. Kampani inafunsa ngati panali wodziwa ziweto, poti kukhola la mahatchi kunja kwa mzinda antchito anali atachepa. Lameck anaimika dzanja msangamsanga. Kodi si iye anakula akuyendetsa ngolo ku Mitundu? Ng'ombe zouma mutu zimene anaziphunzitsa goli zinali zosawerengeka.

Anamupatsa hatchi yaikazi yofiirira, dzina lake Najma. Inali yofatsa, yodyera m'manja, koma munthu akangokhala pachishalo inkangoti njo ngati chitsa. Ana ophunzira kukwera anali ataigunda ndi zidendene ndi kuikoka zingwe zaka zambiri, mpaka inangosiya kumva. Bwana wa kholalo sanapite m'mbali: "Pakatha masabata atatu titsegulanso. Ikapanda kumvera ndiigulitsa, ndipo hatchi ikapita, ntchito yako yapitanso." Lameck anaganiza za mkazi wake Selinah, amene anali woyembekezera kumudzi, nati mumtima, zivute zitani, hatchi imeneyi indimva.

Anayamba monga ankachitira ndi ng'ombe: kukalipa, kukoka, kugunda osalekeza. Thukuta kamukamu padzuwa la ku Dubai, koma Najma ayi ndithu, phee. Goodwell, bambo wa ku Chipata wogona naye chipinda chimodzi, amene anali atagwira ntchitoyi zaka khumi ndi ziwiri, anapirira masiku awiri akungoyang'ana.

"Mphwanga," anatero tsiku lachitatu, atatsitsira masiki kuchibwano, "iyi si ng'ombe. Mawa m'mawa ubwere ndikuonetse kanthu kamodzi chabe."

"Musavutike akulu. Chiweto n'chiweto, ndinakulira momwemo."

Musamuweruze msanga mnyamatayu, sunali mwano ayi. Anali mantha. Ankaopa kuti bwana akamuona akuphunzitsidwa, adziwa kuti chachikulu chimene anakwerapo moyo wake wonse ndi bulu. Goodwell anayesanso kawiri, Lameck n'kumamuzemba.

Tsiku loyesa linafika. Bwana anaima pampanda manja ali m'thumba. "Yalla, tiye nazo!" anatero. Lameck anagunda, anakoka, anakuwa mpaka mawu kusasa. Najma inatembenuka mwaulemu wake wonse, n'kupita kukaima pamthunzi, wokwerayo ali pamsana ngati thumba la chimanga. Palibe anaseka.

"Khalas, zatha," anatero bwana. "Wogula abwera mawa. Iwe ukatenge tikiti yako ya ndege kuofesi."

M'mawa mwake Lameck anapeza Goodwell akupesa Najma komaliza. Manyazi anali atatha tsopano, poti chobisa panalibenso.

"Akulu, kanthu kaja n'kotani?"

Goodwell anamanga chishalo n'kukwera. Anakhudza nthiti za hatchi pang'ono chabe, nadikira. Sinasunthe. Anapanikiza mowonjezera, osakalipa. Najma itangonyamula mwendo umodzi, iye anamasula miyendo ndi zingwe zomwe, n'kuisisita pakhosi. Anabwereza. Anabwerezanso. Kachisanu, atangoikhudza, hatchi ija inayenda mapazi anayi, makutu ali tcheru kumvetsera munthu amene anali pamsana pake.

"Malipiro ake ndi kuisiya," anatero Goodwell akutsika. "Iwe ikaima unkaigunda, ikayenda unkaigundabe. Nanga imverenji?"

"Zomwezi basi?"

"Zomwezi, mphwanga. Masabata atatu akanakwana bwinobwino."

Lameck anagwira pakamwa. Misozi inalengeza, ndipo sanavutike n'kuibisa. Najma inamununkhiza paphewa monga inkachitira m'mawa uliwonse, yopanda naye mlandu, pamene lole ya wogula inali italowa kale pageti. Anaitsogolera yekha hatchiyo kukakwera loleyo, akuganiza za mawu oti akamuuze Selinah.

Uchi unali pafupi, kwa munthu wogona naye chipinda chimodzi, koma akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.