Galimoto ya Kalipentala

Panali munthu wina, kalipentala, amene ankakhoma mipando ndi zitseko pa msika wa Nathenje. Manja ake anali aluso, ndipo pakhomo pake sankagona ndi njala. Koma mtima wake unkawawa poona anzake akufika kutchalitchi pa galimoto iye ali pa njinga.

Tsiku lina anapita kwa munthu wobwereketsa ndalama za katapila, natenga ndalama zambiri, nagula galimoto yakale yofiira. Anthu anayamba kumuitana kuti bwana. Iye anakondwa.

Mwezi utatha, wakatapila anafika. Kalipentala analibe ndalama yonse, choncho anapereka chiwongoladzanja chokha. Mwezi wotsatira anachitanso chimodzimodzi. Ngongole yeniyeniyo inangokhala osasuntha.

Mkazi wake anati, "Bambo a Tawina, gulitsani galimotoyi tibweze za eni, tipume."

Iye anayankha kuti, "Ndiye anthu azinena chiyani?"

Chaka chachiwiri, mwana wawo Tawina anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko. Ndalama ya fizi inalipo, koma wakatapila anafika msanga kuposa tsiku lotsegulira sukulu. Bambo anati, "Upita temu ya mawa, mwanangu." Temu ija inadutsa, ndi inanso. Tawina anatopa kudikira, napita ku Lilongwe kukagwira ntchito ya m'nyumba. Kumeneko anakwatiwa akadali wamng'ono.

Panapita zaka zisanu ndi chimodzi. Tsiku lina masana kalipentala akudutsa pa depoti, anaona mayi wina atabereka mwana, akuthamangira minibasi ndi beseni la mandasi pamutu. Mayiyo atacheuka, anali Tawina. Tawinayo anaizindikira galimoto ya bambo ake, ndipo anabisala kuseri kwa minibasi kuti asawachititse manyazi.

Sabata yomweyo kalipentala anagulitsa galimoto. Anawonjezerapo ndalama ya zitseko khumi, napita kwa wakatapila, nabweza ngongole yonse. Wakatapila anawerenga, naseka pang'ono, nati, "Achimwene, izi mukanatha kuchita chaka choyamba. Galimoto ija mwaigula katatu."

Kalipentala anabwerera kwawo wapansi. Kuyambira pamenepo ndalama ya mpando uliwonse inali yake. Munthu akagogoda pakhomo, sankadzidzimukanso. Miyezi inayi itatha anasonkhanitsa ndalama ya fizi, napita nayo kwa mwana wake.

"Tawina, nayi ndalama ya sukulu ija."

Tawina anagwada, nalandira ndi manja awiri. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaibweza.

"Zikomo, bambo. Koma anzanga aja anamaliza kale, ena ndi anamwino tsopano. Musungireni mdzukulu wanuyu."

Bamboyo anailandira ndalama ija. Ngongole anali atabweza, koma zaka za mwana wake panalibe womubwezera.

Inu amene mukundimva, ena mwa inu muli ndi chinthu pakhomo chimene mukudziwa kuti chikanakumasulani mutachigulitsa, koma mukuopa pakamwa pa anthu. Anthuwo adzanena sabata imodzi, kenaka adzapeza nkhani ina. Ufulu mudzaupeza tsiku lililonse limene mudzalimbe mtima. Koma pamene mukuzengereza, dzifunseni: kodi m'nyumba mwanga ndani akulipira chiwongoladzanja chimene ine sindikuchiona?