Galimoto Imene Madzi Analephera Kuinyamula

Panali munthu wina amene ankakhala pamsika wina m'tsinde mwa phiri la Mulanje, mbali ya ku Phalombe. Anali ndi chigayo. Kwa zaka khumi ndi zisanu ankalawirira m'mamawa, n'kumagaya chimanga cha anthu mpaka tsitsi ndi nsidze kuyera mbuu ndi ufa. Mulungu anamudalitsa. Chigayo chimodzi chinabala chachiwiri, ndipo linakwana tsiku loti agule galimoto ya banja.

M'nyumba mwake anali anthu asanu ndi mmodzi: iyeyo, mkazi wake, ana atatu, ndi apongozi ake aamuna amene anafa ziwalo mbali imodzi. Likafika tsiku la kuchipatala, madalawo ankawamangirira ndi chitenje pa njinga ya kabaza, mwana wawo, mkazi wa munthu uja, akuyenda ndawala pambali, dzanja lili pamsana pawo kuti asagwe.

Choncho munthu uja ndi mkazi wake anakwera minibasi kupita ku Limbe, kumpanda wina wogulitsirako magalimoto. Wogulitsa anawaonetsa awiri. Yoyamba inali yaing'ono, yogwa pansi, yosamwa mafuta ambiri. Atafika pa yachiwiri, munthu uja anangoima kukamwa yasa. Inali yakuda bii, yaitali moti denga lake ankaliona chokweza khosi. Matayala ake ankamufika m'ntchafu. M'kati munali mizere itatu ya mipando, ndipo chitseko chakumbuyo chinkadzikweza chokha munthu akangodina kabatani. Kunja dzuwa linkaswa mtengo, koma m'katimo munkazizira ngati m'mawa wa mwezi wa Juni.

Mkazi anayeza mpando wapakati ndi mikono yake. Kenako anawerama n'kusuzumira kunsi, akukumbukira maenje a msewu wa kwawo.

"Bambo a Tawina, titenge iyi. Abambo anga atha kugona muno miyendo itawongoka, ndipo m'matope a kwathu aja siingatitimire."

Mwamuna anavomera msanga, koma sanamve n'komwe zimene mkazi wake ananena. Iye ankadziyang'ana pachitseko chonyezimiracho, akuona kale mmene anthu apamsika adzasiyire malonda awo n'kumatembenuka iye akudutsa. Anthu awiri anasankha galimoto imodzi, koma mitima yawo inasankha zinthu ziwiri.

Galimoto itafika kumudzi, inabwera ndi malamulo ake. Mapepala apulasitiki a pamipando asachotsedwe. Ana avule nsapato asanakwere. Thumba la chimanga ayi, nsomba ayi, nkhuku ayi. Munthu akaimika dzanja panjira, mwini wake ankakweza magalasi n'kuyang'ana kutsogolo. Ngakhale pamaliro ankaiimika patali, pansi pa mtengo, kuopa kuti amupempha kunyamula amayi okalamba. Anthu apamsika anaipatsa dzina. Ankaitcha Musandikhudze.

Ndiye kunabwera mvula ya mwezi wa Malichi. Inagwa masiku atatu osapumira. Tsiku lachitatulo linali la kuchipatala, ndipo banja lonse linapita ndi madala aja. Pobwerera, dzuwa litapendeka pang'ono ngakhale silinkaoneka, anafika pamalo pamene msewu umatsika n'kudutsa mumtsinje. Panalibe mlatho weniweni. Panali simenti yoyala pansi, madzi n'kumayenda pamwamba pake. Masiku onse madziwo ankalekeza m'kakolo. Tsiku limenelo anali ofiira, othamanga, atatenga nthochi zozuka ndi mizu yomwe.

Kutsidya kuno kwa mtsinjewo kunaima gulu la anthu. Anali amayi ochokera kumsika, ena ana ali kumbuyo, agogo awiri, ndi bambo wina woyenda ndi ndodo. Onse anali matope okhaokha, zovala zitamatirira pathupi. Kuwoloka ndi miyendo sakanatha. Kubwerera sakanathanso, chifukwa kumbuyo, kumtunda kwa phiri, kunayamba kumveka mkokomo. Sunali wa bingu. Unali mkokomo wosalekeza, wochokera pansi, wonjenjemeretsa nthaka. Aliyense wobadwira m'tsinde mwa phiri limenelo amaudziwa. Phiri linali litagumuka, ndipo madzi ndi miyala zinali panjira.

Anthu aja ataona galimoto, anaithamangira. Manja amatope anagwira magalasi. Mayi wina anakweza khanda lake m'mwamba kuti mwini galimoto alione.

Munthu uja anadina kabatani kotseka zitseko zonse. Anayang'ana mipando yake. Anayang'ana mtsinje. Mumtima anati, ndikawatenga onsewa galimoto ilemera, ndipo ndifera pakati pamadzi pamodzi ndi ana anga. Abale anga, musafulumire kumuweruza. Maganizo amenewo ndi anzeru. Ambiri a ife tikanaganiza chimodzimodzi.

Mkazi wake anamugwira pamkono.

"Bambo a Tawina, paja tinati tikugula galimoto ya banja. Lero banja ndi limeneli."

Munthu uja anayang'ananso khanda lija pagalasi. Kenako anatsekula.

Analowa. Analowera zitseko zonse, ndi chakumbuyo chomwe. Amayi anakhala pamiyendo ya anzawo, ana pamiyendo ya amayi. Agogo awiri anapanikizana pafupi ndi madala odwala aja. Bambo wandodo anapinda thupi kumbuyo kwenikweni, mawondo ali pachibwano. Matope anayenderera pamipando. Galimoto inalira, n'kutsika, n'kutsikanso, mpaka inakhala ngati ng'ombe yogwada. Anthu khumi ndi asanu ndi anayi m'malo a anthu asanu ndi awiri.

Akumalizitsa kutseka zitseko, kumbuyo kunatulukira pikiapu ikuliza hutala. Inalibe katundu aliyense, munali woyendetsa yekha. Sanaime, sanafunse. Anawalambalala n'kulowa m'madzi mwaliwiro. Anafika pakati. Pomwepo onse anaona kumbuyo kwa pikiapu kukudzuka pang'onopang'ono, ngati pali dzanja likuikankha kunsi. Inatembenuka chammbali, inatsetsereka kuchoka pasimenti, ndipo madzi anaitenga ngati chikho. Woyendetsa anatulukira pawindo n'kugwira nthambi ya mkuyu wa kutsidya, n'kukwawira kumtunda.

M'galimoto muja munamveka kulira. Munthu uja anadzifunsa mumtima. Ngati yopepukayo yapita, nanga yolemerayi? Anayang'ana pagalasi loonera kumbuyo. Mitengo ya kumtunda inkagwa umodzi umodzi, ngati pali wina akuisenga ndi chikwakwa. Kuima kunali imfa. Anati, "Ambuye, ndi anthu anu awa," n'kulowetsa giya.

Madzi anamenya chitseko ngati munthu wofuna kulowa. Anakwera kupitirira matayala. Anayamba kulowera pansi pa zitseko, kuzizira kukufika m'mapazi. Galimoto inanjenjemera. Chipika chinaigunda m'nthiti, ana n'kukuwa. Munthu uja ankadikira kuti nayenso amve kumbuyo kukudzuka. Ankadikira, mano atalumana. Koma kumbuyo sikunadzuke. Matayala anakanirira pasimenti ngati amera mizu. Madzi anakankha, galimoto inakana. Madzi anakankhanso, galimoto inasuntha, koma kupita kutsogolo. Phazi limodzi. Phazi lina. Kenako mphuno yake inayamba kukwera, madzi akukhuthuka m'mbali, ndipo matayala analuma dothi la kutsidya.

Sanaime mpaka pamwamba pa chitunda. Onse anatuluka n'kucheuka. Pamalo pamene anthu aja anaima panalibenso msewu. Pankadutsa miyala ikuluikulu ngati nyumba, ikugubuduzika, ikugundana mpaka kuthetheka moto mvula ili mkati. Mtengo wa mango umene amayi aja anabisalapo mvula unangowerama kamodzi, osaonekanso. Anthu anaima chilili, mvula ikuwamenya, akuona mphamvu imene palibe munthu angaiuze kuti leka.

Woyendetsa pikiapu uja anafika akutsimphina, malaya atang'ambika. Anazungulira galimoto ija, n'kuwerenga ndi chala anthu amene anatulukamo. Kenako anagwira mutu.

"Achimwene, ine ndayendetsa malole zaka makumi awiri. Yanga yapita chifukwa inali yopanda kanthu. Inuyo mukanakhala ochepa, bwenzi pano tikukusakani kumunsi uko. Akupulumutsani ndi anthuwa."

Munthu uja anayang'ana amayi aja, agogo aja, khanda lija limene tsopano linkayamwa ngati palibe chachitika. Iye ankayesa kuti ndiye wawanyamula. Anagwada m'matope pomwepo, bambo wamkulu, mwini zigayo ziwiri, n'kulira mokweza ngati mwana, ndipo anthu aja anagwada naye.

Abale ndi alongo, fanizoli likunena za inu ndi ine.

Mulungu akakukuzirani malo, kaya ndi nyumba, kaya ndi munda, kaya ndi udindo kuntchito, amatumizanso anthu odzakhala m'malomo. Amabwera ndi matope. Amabwera pa nthawi yolakwika. Mwana wamasiye wa mchimwene wanu, apongozi odwala, mnansi amene nyumba yamugwera. Ife timawaona ngati katundu, ndipo nzeru zathu zimatiuza kuti tikapepukidwa ndiye tiwoloka bwino. Koma njira za Mulungu n'zozama kuposa nzeru zathu. Iye amaona mtsinje umene uli kutsogolo kwanu, umene inu simunauone. Amadziwa kuti moyo wopepuka, wongodzinyamula wokha, madzi akadzabwera umayandama. Kunyada kumautenga. Chisoni chimautenga. Mayesero amaukokolola ngati chikho.

Ndi angati pano amene akanasiya kupemphera kalekale, pakanapanda wodwala m'nyumba? Ndi angati akanathera m'mabala, pakanapanda ana owadikira pakhomo? Inu mumati mukuwasunga. Mwina ndi iwo akukugwirani kuti mapazi anu asachoke pathanthwe.

Choncho wina akagogoda pagalasi lanu sabata ino, musayambe mwawerenga kulemera kwake. Tsekulani. Mulungu amene anayeza kuya kwa mtsinjewo ndi yemweyo amene wayeza katundu wanu, ndipo sanalakwitse ngakhale ndi munthu mmodzi.