Maenje a Majidu pa Bwalo la Mpira

Majidu analakwira mwana wake yemwe, Anisa, mu Ogasiti chaka cha 2022, pa komboni ya mgodi wotsekedwa kunja kwa Shurugwi. Sanamumenye ayi. Omenya ana amadziwika msanga. Iye anangomulanda bwalo la mpira, anthu n'kumuwombera m'manja.

Anisa anali ndi zaka khumi, wowonda ngati bango, wa chifuwa chosatha ndiponso wachibwibwi. Liwu limodzi ankalikoka ngati ngolo yotitimira m'matope, anzake n'kumaseka, iye n'kutseka pakamwa. Kusukulu ankakhala kumbuyo kwenikweni, kumene amakhala ana amene anthu anawataya kale mumtima.

Amene anamutola ndi Fainos, nkhalamba imene inasiya mphamvu zake zonse pansi pa mgodi. Dzuwa likapendeka, Fainos ankasonkhanitsa ana pa bwalo lakale la kampani ndi wezulo yake yadzimbiri. Fainos anamuika Anisa pagolo poti kuthamanga sankatha.

"Wapagolo ndiye amaona bwalo lonse, mdzukulu," anamuuza. "Ukakhala chete akumwetsa zigoli mpaka ukhute. Uzikuwa."

Anamwa zigolizo sabata ziwiri. Tsiku lina mpira ukubwera ndi liwiro, anthu anamva mawu akuthwa kuchokera pagolo, akukuwira mnzake wa mu timu: "Danai, kumanzere! Tseka uko!" Chibwibwi panalibe. Anisa mwiniwake anayang'ana kumbuyo ngati wakuwa ndi wina.

Chisanathe chaka, mwanayo ankazungulira bwalo katatu osatsokomola. Ankadya n'kupempha china. Anaphunzira kugwa n'kudzuka, kuluza osalira, kuona kumene mpira ukupita usanapite. Kusukulu anayamba kukweza dzanja. Amayi ake, Asiatu, ankachapa masokosi amatope aja akuimba.

Majidu anali wapampando wa komiti ya komboni, munthu wokonda kumva mawu ake omwe. Mu Ogasiti muja kunabwera makorokoza, anthu okumba golide mwaokha, atanyamula makina amene amalira akamva chitsulo pansi. Anawayendetsa pabwalo. Pafupi ndi golo la Anisa makinawo analira ngati mwana wanjala. Majidu anaitanitsa msonkhano tsiku lomwelo kuti anthu avomere kuti bwalolo likumbidwe.

Fainos anaimirira ndi ndodo yake. "Baba Anisa, pansi apa palibe golide. Bwaloli tinalikwirira ndife mu 1978. Panali chigwembe. Tinathiramo mchenga wotsukidwa kale, njanji zakutha ndi ngolo zachitsulo zothyoka. Makina anuwo akulirira zimenezo."

"Sekuru, agogo athu," anayankha Majidu, "inu munakumba zaka makumi atatu n'kutuluka ndi chifuwa chokha. Tisiyeni nafe tiyeseko."

Anthu anaseka. Nkhalamba yosauka ikamalankhula za chuma anthu amaseka ndithu.

"Mwana wanu wayambira kulankhula pabwalo pomwepa," anatero Fainos.

"Akalankhulira ku sukulu yabwino ku Gweru golide akatuluka. Mpira amadya kodi? Ndani anakhutapo mpira?"

Majidu atafika kunyumba, Anisa anali akumudikira pakhomo. Anafuna kunena kanthu. Anayamba, "Ba... ba... ba..." koma mawu anakana. Majidu anamusisita pamutu n'kudutsa. Anali ndi zazikulu zoti aganize.

Makorokoza anakumba sabata zitatu. Tsiku loyamba anazula mitengo ya golo. Tsiku lachinayi anatulutsa njanji. Majidu anati ndi chizindikiro chabwino, golide amakonda kubisala pansi pa chitsulo. Kenaka anatulutsa ngolo yothyoka, kenaka njanji ina, kenaka nsapato imodzi ya gambutsu ya kumanzere. Fainos anaiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti mwina inali yake. Makorokoza sachedwa pamalo pouma. M'mawa wina anangopezeka kuti apita kumapiri, atasiya maenje khumi ndi anayi.

Mvula itagwa maenje anadzaza. Munaswana udzudzu, munamira mbuzi. Makolo analetsa ana kuyandikira kumeneko. Malo ena osewerera pa komboni panalibe, kupatula msewu wa magalimoto onyamula miyala. Mpira unaphwa pansi pa bedi la Fainos.

Anisa anabwerera kumene anachokera. Chifuwa chinayambiranso. Chakudya ankangochitosatosa. Dzanja lija silinakwerenso m'kalasi, ndipo anasamukira yekha ku benchi yakumbuyo, wopanda womutuma. Asiatu atatopa ndi kudandaula, Majidu anavala jekete n'kukwera kombi ndi mwanayo mpaka ku chipatala ku Gweru. Ku Gweru anafikadi, monga analonjezera.

Nesi anamuyeza Anisa pachifuwa, anamufunsa dzina, n'kudikira mpaka dzinalo litatuluka lonse. Anawapatsa mankhwala a chifuwa, kenaka anatembenukira kwa bambo.

"Baba, mankhwala awa ndi theka chabe. Mwanayu akusowa kuthamanga ndi anzake, kutuluka thukuta, kukuwa. Mumulowetse mu timu ya mpira. Kwanuko kulibe bwalo?"

Majidu anayang'ana nsapato zake. Amene anayesa kuyankha ndi Anisa. Anatsegula pakamwa, nesi anadikira, koma liwu silinabwere.

Lero papita zaka. Majidu akadali wapampando. Pa misonkhano amadandaula kwambiri za ana a masiku ano, kuti ndi aulesi, kuti amangokhala pa foni, kuti sali ngati iwo kale amene ankasewera mpira mpaka zala kutuluka magazi. Anthu amavomera ndi mitu, omwe aja anawomba m'manja. Nkhani yokwirira maenje imalembedwa chaka chilichonse kuti idzakambidwe pa msonkhano wotsatira.

Fainos miyendo inamukana, sayendanso. Wezulo anaipereka kwa Anisa, ndipo ili m'chitini cha mabatani cha amayi ake. Maenje akadali khumi ndi anayi. Majidu sanapepese kwa mwana wake kapena kwa nkhalamba ija.

Akuluakulu anati fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo.