Nguluwe ndi Chipanda cha Gologolo

Kalekale, ana inu, padangokhala. Yankhani kuti tili tonse! Nanunso akuluakulu kumbuyoko, musachite ngati simukumva.

Kuseri kwa phiri kunali sukulu ya ukachenjede ya nyama. Kumeneko Nguluwe ndi Gologolo ankachita digiri yachiwiri, ija amati masitazi. Phunziro lawo linali lophatikiza kompyuta ndi zachuma. Ankaphunzira kuwerengetsa chimene mnzako achite iwe usanasunthe, ngati pa bawo, kuti pogawana zinthu usapusitsidwe. Mphunzitsi wawo anali Pulofesa Nungu.

Gologolo akagwira kompyuta, tizala take tinkangoti tapatapa! Nguluwe akati alembe, chiboda chake chinkadina mabatani angapo nthawi imodzi, gwa! gwa! Ndiye Pulofesa akati, "Wakhoza, Gologolo," Nguluwe ankang'ung'udza ndi nsanje.

"Bwanji iye? Bwanji osati ine?"

Gologolo akagula cholembera chofiira, Nguluwe ankagula mtolo wa zofiira. Gologolo akakhala pampando wa pazenera, mawa lake Nguluwe wadzipanikiza pomwepo, mpando thyo! Tsiku lina Gologolo anadwala chimfine, anzake n'kumabwera kudzamuzonda. Nguluwe anakagona pamvula kuti nayenso adwale. Sanadwale.

"Bwanji iye? Bwanji osati ine?"

Maphunziro atatsala pang'ono kutha, Pulofesa anawaitana awiriwo.

"Pali mwayi wokachita digiri ya udokotala kutsidya kwa nyanja, koma malo ndi amodzi. Mayeso ake ndi awa. Nali thumba la mtedza. Mmodzi aligawe pawiri, winayo ayambe kusankha. Wotsala ndi mtedza wambiri ndiye apite."

Nguluwe anafunsa kompyuta yake, gwa! gwa! Inayankha kuti wosankha sagonja.

"Ndisankha ndine!" anakuwa Nguluwe.

"Palibe kanthu, achimwene," anatero Gologolo. "Akulu ndinu."

Tsiku la mayeso nyama zinadzaza bwalo. Gologolo anakhuthula thumba lija, mtedza khuu, mulu waukulu. Kenaka anatolapo njere imodzi, n'kuiponya m'kachipanda kamene anabwera nako, n'kutsekapo.

"Ndagawa. Uwu mulu, ichi chipanda."

Nyama zinaseka. Nguluwe anaseka koposa, mpaka misozi. Anayenda kulunjika pamulu.

Koma atacheuka, anaona Gologolo akupukuta chipanda ndi mchira. Akuchisisita. Akumeza mate, gwidi!

Nguluwe anaima.

"Iwe, muli chiyaninso m'menemo?"

"Zazing'ono, achimwene. Inu tengani mulu. Taonani kukula kwake! Kachipandaka ndisiyireni ine."

Nguluwe anafunsa kompyuta, gwa! gwa! Inati, "Tengani mulu." Anafunsanso, gwa! gwa! gwa! Inati, "Tengani mulu."

"Makinawa wawanyengerera iwe!" anakalipa Nguluwe. "Ukufuna ndinyamule makoko, chokoma udye wekha?"

"Ayi achimwene, chonde, mulu ndi wanu."

Gologolo anakumbatira chipanda, maso ali mwaa misozi.

"Bwanji iye? Bwanji osati ine?"

"A Nguluwe," anatero Pulofesa, "kusankha n'kamodzi. Mwaganiza bwino?"

"Ndaganiza! Chipanda!"

Anachilanda tsomphu! Anatsegula, mphuno lowu!

Ana inu, njere ija inalimo ndithu. Koma inagona pakati pa chitedze chimene Gologolo anakathyola kuthengo dzulo lake.

"Mayo! Mayo ine! Mphuno yanga!"

Nguluwe anakhula mphuno pamtengo, kwee! Anakhula pamwala, kwee! Anagubuduka pafumbi, chitedze n'kufalikira thupi lonse. Anathamanga mpaka kudambo, m'matope phava!

Pulofesa Nungu anaseka mpaka minga yake inachita wayawaya. Atapuma anafunsa, "Gologolo, wosankha sagonja. Nanga iwe wapambana bwanji?"

"Bwana, kompyuta ya achimwene inawerengetsa ngati iwo amafuna zambiri. Ine ndinaiuza yanga khalidwe lawo lonse, ndipo inandiyankha kuti achimwene safuna zambiri. Amafuna zanga."

Basi Gologolo anapatsidwa malo aja. Tsiku lonyamuka anadzera kudambo kukatsanzika. Anapeza Nguluwe ali m'matope, maso okha ali kunja.

"Ndapita, achimwene. Tsalani bwino."

"Pita!" anatero Nguluwe. "Komatu ukawauze kumeneko kuti chipanda ndinatenga ndine!"

N'chifukwa chake mpaka lero Nguluwe amafukula dothi ndi mphuno. Inu mumati akufuna chinangwa, chonsecho akukanda.

Wansanje, ana inu, ngakhale umupatse nkhokwe, amasuzumirabe m'chikhatho chako. Ndipo amene mwakhala chete kumbuyoko, sindinatchule dzina la munthu.

Nthano yathera pompa. Kaphuleni mbatata paphulusapo, ndipo wogawa asayambe kusankha.